Tarsizio ndi Akamvulumvulu a ku Mars

Taganizirani m'mawa wa tsiku wamba ku Santry, dera la mumzinda wa Dublin, mwezi wa Febuluwale. Nthawi yapitirira seveni koloko koma kunja kudakali kamdima. Msewu wanyowa, ndege zikutsika motsatizana kulowera kubwalo lazo, ndipo pa siteji ya basi paima anthu asanu ndi awiri, aliyense maso pa foni. Kumapeto kwa mzere kuli bambo wamfupi wovala jekete yomukulira. Iye yekha ndiye wayang'ana kumwamba. Akuona kumene mitambo ikuchokera, akuona mmene utsi wa pa chumuni cha nyumba ina ukupendekera, kenako akutulutsa kakope m'thumba ndi kulemba mzere umodzi. Palibe amene anamutuma, ndipo palibe amene adzawerenge. Basi ikafika akukwera pamwamba, akukhala pafupi ndi windo, osayankhula ndi munthu mpaka kukatsika.

Ameneyo ndi Tarsizio Alufandika, wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Kwa zaka zinayi ntchito yake mumzinda wa Dublin inali yolosera nyengo ya malo amene munthu aliyense sanapondepo: kachigwa kena ka pa pulaneti ya Mars.

Asanabwere kuno, Tarsizio anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa siteshoni yoyezera nyengo ku chigwa cha Shire. Ntchito yake inali kutuluka pa maola oikika, kuwerenga choyezera kutentha, kuyang'ana m'choyezera mvula, kuona kumene mphepo ikuchokera, ndi kulemba zonsezo m'buku lalikulu. Amene anamuphunzitsa anali a Eston Zuze, mkulu wa siteshoniyo. Tsiku lina, akadali watsopano, Tarsizio anaona nambala yomwe inamuoneka yolakwika. Anaganiza kuti chipangizo chasokonekera, choncho analemba nambala ina yofanana ndi ya dzulo lake. A Zuze atazindikira sanakalipe. Anamupatsa rula ndi pensulo, n'kumuuza kuti adule mzere umodzi wokha pa nambala yabodzayo, kuti izionekabe, ndipo alembe yeniyeni pambali pake.

"Iwe si iwe nyengo," anatero a Zuze. "Lemba chomwe waona. Chikakhala chachilendo, lemba kuti n'chachilendo. Koma usachikonze."

Tarsizio anaphunzira digiri yake akugwira ntchito, kenako ina, ndipo pamapeto pake anapeza mwayi wa maphunziro aukachenjede pa yunivesite ina ya ku Dublin. Anabwera akuganiza kuti adzaphunzira za mphepo za m'zigwa zotentha. Mphunzitsi wake wamkulu, Pulofesa Daphne, anali ndi malo amodzi okha, m'kagulu kawo kofufuza za nyengo ya ku Mars. Anamuuza kuti mpweya kulikonse umamvera malamulo omwewo, ndipo munthu wodziwa chigwa chimodzi angathe kuphunzira china. Tarsizio anavomera. Mkazi wake Edna ndi mwana wawo Towera, yemwe anali ndi zaka zisanu, anatsala kumudzi.

Ndi bwino ndifotokoze pang'ono za ntchitoyo, chifukwa si yovuta kuimva monga anthu amaganizira. Mars ndi dziko louma, lozizira kwambiri, la dothi lofiira. Mvula sikugwa. Mpweya ulipo koma ndi wopepuka, ndipo umanyamula fumbi. Chombo china cha miyendo itatu chinatera m'kachigwa kaja ndi kukhazikika pomwepo. Chinkayeza kutentha, mphepo ndi kulemera kwa mpweya, n'kumatumiza manambalawo ku dziko lathu lapansi tsiku lililonse. Chinalinso ndi kamera. Timagulu tingapo ta akatswiri m'maiko osiyanasiyana tinkalandira manambalawo, ndipo kagulu ka Pulofesa Daphne kanali kamodzi mwa tating'ono kwambiri. Funso lawo linali lakuti: kodi munthu angathe kuneneratu tsiku ndi ola limene akamvulumvulu adzayende pamalopo? Funsoli ndi lofunika kwa aliyense wofuna kutsitsa chombo china pa parachuti pafupi ndi malowo, pakuti ayenera kudziwa kuti mpweya umavuta nthawi yanji.

Akamvulumvulu Tarsizio ankawadziwa kuyambira ali mwana. Ku Ngabu m'mwezi wa Okutobala amadzuka m'minda ya thonje yokololedwa, kunyamula mapesi ndi mapepala, kuzungulira pang'ono, n'kufa. Sankaganiza kuti tsiku lina adzamusunga zaka zinayi kutali ndi banja lake.

Moyo wake ku Santry unali wachete. Ankakhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu ena awiri, amene ankawadziwa kwambiri ndi nsapato zawo za pakhomo kuposa nkhope zawo. Tsiku la ku Mars ndi lalitali kuposa lathu ndi mphindi pafupifupi makumi anayi, choncho manambala ankafika mochedwerako tsiku lililonse. Sabata ino ankafika m'mawa, sabata yamawa masana, kenako madzulo. Nthawi yake ya chakudya inkasuntha limodzi ndi manambalawo, ndipo kawirikawiri ankadya yekha m'kantini mipando itakwezedwa kale pamatebulo. Lamlungu lina ankatha kupita ku Misa ya a Malawi ku Tallaght, kukwera sitima ya mumzinda yotchedwa Luas mpaka pomwe imathera. Lamlungu lina manambala ankafika nthawi ya Misa, ndipo ankakhala muofesi yekha nyumba yonse ili zii.

Akapezeka ku Tallaght, anthu ankamukonda, koma mwa njira yawoyawo. Linda, namwino wa pa chipatala cha Beaumont wochokera ku Chipata, ndiye ankayambitsa.

"Ba Tarsizio afika! Bambo a nyengo! Manje tiuzeni, mawa ndichape mabulangeti kapena ndisachape?"

"Za mawa kuno sindinaziyang'ane bwino, achemwali."

"Ndiye mumayang'ana chiyani sabata yonse?"

"Za ku Mars."

"Kuli mvula?"

"Ayi."

"Kuli anthu oyanika zovala?"

"Kulibe."

"Aa, ntchito zina zokoma, mayo! Kulosera kumene kulibe wodandaula. Ine ndikalakwitsa kamodzi mu wodi, mafomu faivi oti ndilembe."

Anthu ankaseka, Tarsizio nayenso ankaseka, kenako nkhani inkapita ku za lendi ndi za mapepala a ku imigireshoni, iye n'kutsala ndi kapu ya tiyi m'manja. Ana ndiwo ankamufunsa zenizeni. Ankamuzungulira, iye akuyankhula Chichewa, iwo akuyankha m'Chingerezi, kufuna kudziwa ngati fumbi la kumeneko limanunkha, ndiponso ngati kamvulumvulu angagwetse munthu. Ankawayankha mofatsa, mmodzimmodzi, mpaka makolo atawaitana kuti avale majekete. Pa foni, Towera nayenso anali ndi funso lake limene ankalibwereza chaka chilichonse mosinthako mawu: "Adadi, mukamaliza za ku Mars mubwera?"

Kuti amalize, pankafunika chinthu chimodzi. Mutu womaliza wa kafukufuku wake unayenera kusonyeza kuti ulosi wa kagulu kawo wayesedwa ndipo wakhoza. Oyendetsa chombo anapatsa kaguluko mwayi kanayi kokha wolozetsa kamera kumene akufuna, mphindi makumi awiri ulendo uliwonse, chifukwa mphamvu ya chombo inali yochepa. Kamera ikajambula kamvulumvulu pa ola limene ananeneratu, mutuwo ulembedwa. Ikapanda kujambula kanayi konse, mutuwo kulibe, ndipo nthawi ya maphunziro ake inkatha mu Seputembala. Akanabwerera kwa Edna ndi Towera atawasiya zaka zinayi, m'manja mulibe chimene anapitira.

Kompyuta ya kagulu inkanena kuti ola labwino ndi thu koloko masana, nthawi ya ku Mars. Chifukwa chake chinali chomveka. Kamvulumvulu akadutsa pafupi, mpweya umapepuka mwadzidzidzi kwa kamphindi, ndipo choyezera cha pa chombo chimasonyeza kutsika. Kompyuta inkawerenga kutsika kwakukulu kokha. Kwakung'ono inkakutaya, poti kunkaoneka ngati kunjenjemera chabe kwa chipangizo. Kutsika kwakukuluko kunkachitika kwambiri cha m'ma thu koloko.

Koma Tarsizio sankataya kanthu. Kuyambira sabata yake yoyamba ankatsegula manambala onse, kompyuta isanawasefe, ndi kulemba pamanja m'kope kutsika kulikonse kumene waona, kwakukulu ndi kwakung'ono, ndi ola lake, ndi kumene mphepo inkachokera. Sam, mnzake wa muofesi, mnyamata wa ku Cork wokonda nthabwala, ankati ameneyu ndi munthu yekhayo mu Ireland amene amalembera Mars rejisitala. Makope anafika asanu ndi anayi. Ndipo m'makopemo munkaoneka chinthu chimene kompyuta sinkachiona. Kutsika kwakung'ono kuja sikunkabwera mwachisawawa. Kunkaunjikana pakati pa hafu pasiti teni ndi leveni koloko, pa masiku amene m'mawa munali bata. Tarsizio anaganiza kuti amenewa ndi akamvulumvulu enieni, ambiri, odutsa chapatali kum'mawa kwa chombo, kumene kamera ingawaone bwino thupi lonse. A masana aja anali ochepa, odutsa pamwamba penipeni pa chombo, ndipo mwayi woti mmodzi adutse kutsogolo kwa kamera m'mphindi makumi awiri unali waung'ono. Anaonanso chifukwa chake. Kumadzulo kwa chombo kunali kaphiri kakang'ono, kochepa moti mapu a kompyuta sankakawerengera. Dzuwa likafika pamutu, mphepo inkatsika kuchokera kumeneko ndi kuwabalalitsa, monga mmene mphepo yamasana inkachitira kwawo.

Anadziwa zimenezi mwayi woyamba usanagwiritsidwe ntchito. Vuto linali kunena.

Pulofesa Daphne anali mayi wabwino, wachangu, woyankhula akuyenda. Tsiku loyamba lomwe anamuuza kuti aziwatchula dzina lawo loyamba, koma lilime la Tarsizio linakana mpaka zaka zinayi zinatha. Kwa iye anali Pulofesa, munthu wamkulu amene anamupatsa malo pamene ena anamukana, ndiponso mwini wake wa njira imene kompyuta inkatsatira. Pa msonkhano wa Lolemba lililonse ankafunsa kuti, "Alipo wotsutsa?" Sam ankatsutsa momasuka, nthawi zina miyendo ili pa mpando. Tarsizio ankayang'ana pansi. Kumene anakulira, kutsutsa wamkulu ena akumva n'kumuvula pagulu.

Anayesa kamodzi, mwa njira imene ankaidziwa. Anawadikira pakhonde, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina, ngati nthawi ingapezeke, sikungakhale kulakwa kuyang'anako pang'ono maola a m'mawa. Pulofesa anayankha kuti ndi ganizo labwino, adzaliona mtsogolo, n'kulowa mukalasi. Kwa iwo anali mawu ocheza. Kwa Tarsizio anali atanena zonse, ndipo wamkulu anali atakana mwaulemu.

Mwayi woyamba unapita. Zithunzi zinabwera: miyala, mchenga, thambo lofiirira. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, mu Malichi, chimodzimodzinso. Pa msonkhano wotsatira Pulofesa ananena kuti womaliza adzauyesa cha m'ma firii koloko, chifukwa mwina anali akufulumira pang'ono. Anafunsa ngati alipo wotsutsa. Tarsizio anali ndi kope lachisanu ndi chinayi pamiyendo pake, pansi pa tebulo. Koma sanalitulutse.

Lamlungu lotsatira, Misa itatha, anapempha kuonana ndi Bambo Isaac Kanyimbiri, wansembe amene anali atangotha miyezi isanu ndi iwiri chibwerere kuchokera ku Dedza. Anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, pakati pa mabokosi a makandulo, ndipo Tarsizio anayala makope ake patebulo.

"Mwana wanga, manambala awa ine sindikuwamva ngakhale pang'ono," anatero wansembeyo. "Tandiuza m'Chichewa. Iwe ukudziwa kuti akulakwitsa?"

"Sindinganene kuti akulakwitsa, Bambo."

"Pano tili awiri. Akulakwitsa?"

"Akulakwitsa, Bambo."

"Ndipo wawauza?"

"Ndinawauza, koma sanalole."

"Ndiye pafunika wachitatu. Nkhani yolemera sapita nayo mwini wake yekha. Ngakhale pofunsira mbeta amatuma munthu. Ndipita ine."

Wansembe wokhalitsa kuno sakanapita. Bambo Isaac anaona kuti zili m'malo mwake, monga Tarsizio anaonera. Lachiwiri m'mawa anavala kolala yawo ndi jekete yakuda, anakwera Luas ndi basi, nakagogoda pa chitseko cha Pulofesa Daphne. Tarsizio anakhala pa desiki yake, mapazi khumi kuchokera pa chitsekocho, maso pa kompyuta, osaona chilichonse.

Zimene awiriwa sankadziwa n'zakuti m'dziko lino, makamaka kwa anthu a msinkhu wa Pulofesa, wansembe akafika pantchito osaitanidwa amakhala atanyamula uthenga wa maliro. Bambo Isaac amaifotokoza nkhaniyi mpaka lero akudziseka okha. Akuti analowa, anakhala pansi, nayamba monga mwa mwambo: kufunsa za moyo, kuthokoza chifukwa chosunga bwino mwana wa kwawo, kunena kuti munthu akakhala kutali ndi abale amasowa womuyankhulira. Akuyankhula choncho, anaona nkhope ya mayiyo ikusintha. Pulofesa anavula magalasi, nagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Bambo, chonde," anatero m'Chingerezi. "Ndani wamwalira? Mkazi wake? Si mwana uja?"

"Ayi, ayi, mayi, palibe wamwalira."

"Nanga akudwala? Wina wamuchitira zoipa muno?"

"Ayi. Ndi za ola la kamera."

Akuti Pulofesa anabwereza mawuwo.

"Ola la kamera."

"Inde. Akuti likanakhala leveni koloko."

Chitseko chinatseguka, ndipo Tarsizio anamva dzina lake. Analowa ataweramitsa mutu, naima pafupi ndi khoma. Pulofesa sanaseke. Maso awo anali ofiira.

"Zaka zinayi wakhala kuseri kwa chitseko ichi. Kodi ndine woopsa chotere, mpaka kutuma wansembe? Wadziwa liti zimenezi?"

"Chaka chatha, Pulofesa."

"Tisanawononge mwayi katatu?"

"Inde, Pulofesa. Ndinakuuzani pakhonde paja."

"Pakhonde? Unandiuza kuti mwina, ngati nthawi ingapezeke! Ine ndimamva mawu otere kakhumi pa tsiku."

Tarsizio ankaona kuti ulemu umene anasunga zaka zonsezi wawapweteka kuposa mmene chipongwe chikanachitira, ndipo analibe mawu okonzera zimenezo m'chinenero chilichonse. Bambo Isaac anatsokomola, nanena kuti iwo mbali yawo yatha, ndiponso kuti ngati pali tiyi sangakane. Pulofesa anawaperekeza ku kantini. Pobwerera anaima pa desiki ya Tarsizio.

"Bweretsa zonse zimene uli nazo."

Makope asanu ndi anayi anakhala muofesi mwawo masiku awiri. Anatenga masiku makumi atatu mwachisawawa, nayerekeza zolemba pamanja ndi manambala a chombo. Sanapeze nambala ndi imodzi yomwe yokonzedwa. Pamene Tarsizio analakwitsa polemba panali mzere umodzi wodula, nambala yolakwikayo ikuonekabe, yoona ili pambali.

Lachisanu anamuitana. Nthawi ino anamuuza kuti akhale pansi, ndipo sanayambe kuyankhula mpaka atakhala.

"Sindinakhutire kwenikweni," anatero. "Kutsika kwakung'onoku kungakhale akamvulumvulu ako, kungakhalenso mphepo wamba ikugwedeza chipangizo. Koma njira yanga yalephera katatu, ndipo yako sinayesedwe. Mwayi womaliza ndi wako. Ulosi ulemba iwe, usaina iwe, ndipo ukauwerenga Lolemba pamaso pa onse. Ukanene momveka kuti njira yanga ikulakwitsa, ndi pomwe ikulakwitsira. Mopanda mwina."

Lolemba Tarsizio anaimirira kutsogolo kwa anthu asanu ndi mmodzi. Ananena chiganizocho akuyang'ana pawindo, koma anachinena chonse. Sam anamenya tebulo ndi chikhatho, nati wadikira zaka zinayi kuti amve zimenezi. Pulofesa anangolemba kenakake m'buku mwawo, n'kufunsa funso loyamba.

Tsopano panatsala kusankha tsiku. Oyendetsa chombo anapereka masiku khumi ndi awiri a ku Mars oti asankhepo limodzi, chisanu cha kumeneko chisanafooketse mabatire, ndipo lamulo lolozetsa kamera linayenera kutumizidwa kudakali masiku awiri. Makope ankasonyeza kuti kulemera kwa mpweya pamalopo kumakwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo kenako n'kutsika, ndipo m'mawa mwa bata mumabwera kukwerako kukangofika pamapeto. Tarsizio anayenera kuona kukwerako kukuyamba, n'kuwerengera kutsogolo.

Tsiku loyamba kunkatsika. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi, kunangoima. Sabata imeneyo manambala ankafika nthawi ya chakudya chamasana, ndipo ankawalandira yekha ena onse ali ku kantini. Edna anamufunsa pa foni chifukwa chimene mawu ake akumvekera kutali. Anayankha kuti ndi netiweki. Sanafune kumusenzetsa nkhawa imene sakanatha kuchitapo kanthu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Sam anaima kumbuyo kwake ndi kapu ya khofi.

"Mkulu, ingosankha lililonse. Tsiku loipa liposa kusajambula konse."

"Silinafike."

"Nanga likapanda kufika?"

"Ndilemba kuti silinafike."

Pulofesa sanamufunse chilichonse masiku onsewo. Ankadutsa, kupereka moni, n'kupita.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri nambala inakwera pang'ono. Lachisanu ndi chitatu inakweranso, lachisanu ndi chinayi inakwera kwambiri. Tarsizio anatsegula makope atatu akale, anayerekeza, nalemba mizere inayi: tsiku la khumi ndi chimodzi, kuyambira teni fote mpaka leveni koloko, kamera iyang'ane kum'mawa, akamvulumvulu osachepera awiri. Anasaina dzina lake lonse. Analowa muofesi ya Pulofesa atagogoda kamodzi kokha, naika pepalalo patebulo.

"Watsimikiza?"

"Ndatsimikiza mmene munthu angatsimikizire za nyengo."

"Tumiza."

Zithunzi sizifika msanga ngati manambala, chifukwa ndi zolemera ndipo zimadikira mzere. Zinafika Lamlungu, chakumasana, anthu a ku Tallaght ali pa tiyi wa pambuyo pa Misa. M'nyumba yonse ya maofesi munali mlonda wa pageti ndi Tarsizio basi. Zithunzizo zinali makumi anayi, chimodzi pa theka lililonse la mphindi. Anazitsegula motsatana, osadumpha, pensulo m'manja. Choyamba: miyala, mchenga, thambo. Chachiwiri chimodzimodzi. Chakhumi chimodzimodzi. Pa chakhumi ndi chinayi, chapatali kumanzere, panali kanthu kotuwa, kowonda, koima chilili ngati utsi wa moto wa m'dimba tsiku lopanda mphepo. Pa chotsatira kanali katasunthira kumanja. Pa china kanali katasunthanso.

Tarsizio analemba ola lake ndi mbali yake. Kenako anapitiriza kutsegula zotsala, chifukwa zinali zisanathe. Atafika pa chomaliza anaika pensulo pansi. Munalibe womuuza m'chipindamo. Anatumiza uthenga waufupi kwa Pulofesa, kenako anaimbira Edna. Foni inaitana mpaka kuduka, chifukwa Edna anali kumsonkhano wa amayi a mpingo. Anatumiza chithunzi chakhumi ndi chinayi, atazunguliza kanthu kotuwako kuti Towera asavutike kukapeza, ndipo anatseka ofesi n'kukadikira basi.

Tarsizio anabwerera ku Malawi mu Novembala chaka chomwecho, digiri yake ili m'chikwama, ndipo tsopano amaphunzitsa oyeza nyengo atsopano. M'mphindi makumi awiri zimene anasankha, kamera inajambula akamvulumvulu atatu. Pa masiku ena makumi awiri ndi asanu amene analosera chombo chisanazime, ulosi wake unakhoza pa masiku khumi ndi asanu ndi anayi.